Musanakweze abale pa boti la pa ngalande mu London

Nyengo yotentha ikafika ku Britain, alendo ochokera kumudzi amachuluka: makolo odzaonerera mwana akulandira digiri, azakhali odzaona khanda. Mukatopa kuwazunguza m'mashopu a mu Oxford Street, apititseni ku Regent's Canal. Ngalandeyi inatsegulidwa yonse mu 1820, ndipo ndi yotalika makilomita pafupifupi 14, kuchokera ku Little Venice, kufupi ndi Paddington, mpaka ku Limehouse komwe imakumana ndi mtsinje wa Thames. Maboti ambiri a alendo amayenda pakati pa Little Venice ndi Camden Lock, ulendo wa mphindi ngati 45. Kampani yodziwika panjirayi ndi London Waterbus Company, koma si yokhayo, ndiye m'pofunika kudziwa kasankhidwe kake.

Yambani ndi nambala 12. Malamulo a dzikoli amati boti lonyamula anthu opitirira 12 liyenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Maritime and Coastguard Agency, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamadzi, ndipo woliyendetsa akhale ndi laisensi yotchedwa Boatmasters' Licence. Chiphasocho chimanena chiwerengero cha anthu ololedwa kukwera. Kuchifunsa si mwano. Kampani yolongosoka imakuyankhani mosavuta. Ikayamba kuzungulirazungulira, bwezani kachikwama m'thumba. Kukhwima kwa malamulowa kuli ndi pochokera: mu Ogasiti 1989 boti la chisangalalo la Marchioness linagundidwa ndi sitima ya Bowbelle pa Thames, anthu 51 n'kumwalira. Madzi a m'ngalande ndi odekha kuposa a mu Thames, ndipo maboti saloledwa kupitirira mamailosi 4 pa ola, koma madziwo ndi ozizira kwambiri ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Pomwe ife Amalawi tingapusitsike n'pa maboti ang'onoang'ono. Gulu la amayi a mpingo kapena la anthu ochokera boma limodzi likafuna kukondwerera tsiku lobadwa la mnzawo, sipalephera kupezeka wina pa WhatsApp wonena kuti, "Ndili ndi mnzanga ali ndi boti, atichitira motchipa." Zoona, anthu ambiri mu London amakhala m'maboti ngati nyumba zawo. Koma laisensi ya boti logonamo siilola kunyamula anthu olipira. Ofuna kuchita malonda amayenera kupeza chilolezo cha bizinesi ku Canal & River Trust, bungwe lomwe lakhala likusamalira ngalande zambiri za ku England ndi Wales kuyambira 2012, komanso inshuwalansi yoteteza okwera. Agogo akaterereka pokwera boti la mnzake wa mnzanu, mlandu mukausumira kuti? Mapaundi ochepa mwapulumutsawo sangafanane ndi bilu ya chipatala ya mlendo wa viza yocheza, yemwe chithandizo chambiri cha m'zipatala za boma za NHS amalipira.

Za ndalama n'zachidule. Gulani tikiti pa tsamba la kampani yeniyeniyo kapena pamalo okwerera, chifukwa ogulitsa apakati amaikapo yawo, ndipo ulendo ukalephereka amakukankhirani uku ndi uku. Dzina la kampani mutha kulifufuza kwaulere ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani. Ngati mukubwereka boti lonse ndipo mtengo wapitirira mapaundi 100, lipirani ndi khadi ya ngongole: gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act limachititsa kuti banki nayo ikhale ndi udindo kampani ikalephera kuchita zomwe munagwirizana. Wokakamira kuti mutumize ndalama ku akaunti ya munthu, mutayeni. Powerenga zomwe ena analemba pa intaneti, siyani zoyamikira, muone madandaulo a miyezi yaposachedwa ndi momwe eni kampani anayankhira.

Langizo lomwe ndimaliika patsogolo pa onse ndi ili: pitani tsiku lina musanalipire, mukaime m'mbali mwa ngalande n'kuonerera boti likukweza anthu. Mphindi khumi zikukwanirani. Onani ngati wantchito akuwerenga okwera, ngati akugwira dzanja okalamba podutsa kampata ka pakati pa khoma ndi boti, ngati chingwe chamangidwa bwino anthu asanayambe kutsika. Maboti amenewa ndi opapatiza, mamita awiri okha m'lifupi, ndipo ambiri amalowedwa potsika masitepe otsetsereka. Mayi ovala chitenje chofika kumapazi, bondo likuvuta, masitepe amenewo si masewera. Funsaninso za chimbudzi, poti si boti lililonse lili nacho, za malo a ngolo ya mwana, ndi majekete oyandamitsa a ana. Anawo asamaviike manja m'madzi. Mikodzo ya makoswe imafalitsa matenda a leptospirosis.

Kenako funsani ngati pali munthu wofotokoza za m'njira, chifukwa ulendo wopanda wofotokoza n'kungokhala pampando. Mukangonyamuka ku Little Venice mumalowa mumphanga ya Maida Hill, yotalika mamita pafupifupi 250. Mulibe kanjira ka mahatchi omwe kale ankakoka maboti, choncho amuna ankagona chagada pamwamba pa boti n'kumakankha khoma ndi mapazi mpaka kutulukira. Kutsogolo kuli mlatho wa Macclesfield, womwe unaphwasuka mu 1874 boti lonyamula onga litaphulika pansi pake, kenako mumadutsa m'mbali mwa London Zoo. Wofotokoza waluso amakuonetsani mikwingwirima yomwe zingwe zokokera maboti zinasiya pa nsanamira zachitsulo za mlathowo.

Miyezi yozizira maulendo amachepa, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi zigawo zina za ngalande zimatsekedwa kuti zikonzedwe, ndiye imbani foni musananyamuke pakhomo. Onetsetsaninso ngati tikiti ndi yopita kokha kapena yobwereranso. Ndi okalamba, kuli bwino kukwerera ku Camden m'mawa msika wa kumeneko usanadzaze, n'kukatsikira ku Little Venice, komwe siteshoni ya Warwick Avenue ili pafupi ndipo kulibe chipwirikiti.