Kubwezeretsa Chojambula Kuchokera ku G-code

Ophunzira athu ena kuno kwa Zulu adzapala matabwa ndi makina a CNC, oyendetsedwa ndi kompyuta. Kasitomala akafuna kusintha chitseko koma chojambula cha CAD chitatayika, timadalira fayilo ya G-code.

Timawerenga motere: G01 ndi mzere wowongoka, G02 ndi G03 ndi mizere yokhota. G00 ndi kusuntha kosadula, choncho timaichotsa. G21 imatanthauza mamilimita, G20 mainchesi. Zotsalazo timazisunga ngati DXF, yomwe imatheka kusinthidwa.

Tisamale apa: kawirikawiri mzerewo umatsata pakati pa biti yodulira. Biti ikakhala ya mamilimita 6, tibweze mzere mkati ndi mamilimita 3 mbali zonse. Tikapanda kutero, chitseko chidzakula ndi mamilimita 6, osalowa pa felemu, thabwa n'kuwonongeka.