Boti Likakwera Lole, Madzi Amasanduka Mdani

Boti lalikulu la injini likamakwezedwa pa lole ku Senga Bay, kuti lidutse ku Salima, dera la Kuti, n'kukwera zitunda za msewu wa M14 mpaka ku Lilongwe, ine sindiyamba ndi kuyang'ana zingwe ayi. Funso langa loyamba ndi ili: kodi madzi ndi mafuta mwachotsamo?

Tawerengerani nokha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye ngati m'botimo mwatsalira malita 300, amenewo ndi makilogalamu 300 amene palibe chingwe chingawamange. Dalaivala akaponda buleki, lole imaima koma madziwo amapitirirabe kutsogolo. Akakhota, amakhuthukira mbali yakunja. Mukukumbukira lamulo loyamba la Newton lija la mu Physics? Ndi limenelitu. Kulemera kukathawira mbali imodzi pa kona, centre of gravity nayo imasuntha, ndipo lole ikhoza kugubuduka.

Chinanso, pa nyanja madzi amachirikiza thupi lonse la boti. Pa lole zimenezo palibe, choncho amaika zochirikiza pansi pa msana wake, womwe umatchedwa keel, ndi m'mbali molimba. Apo ayi thupi limang'aluka ndi mabampu. Zazitali monga eriyo amatsitsa kuopa mawaya a magetsi, batire amaichotsa kuopa moto, kenako ndiye zingwe zija.

Nanga chombo chikakula kuposa lole? Amachiphwasula. Ilala inamangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira mpaka ku Chipoka konkuno ku Salima, n'kuyamba ntchito mu 1951.