Kuona M'kati mwa Thupi Popanda Mpeni

Amayi, mukapita ku sikelo pa chipatala cha Milepa, namwino n'kukugwirani pamimba n'kunena kuti mwana wagona chopingasa, kodi amadziwa bwanji chikhalirecho sanaone m'katimo? Nzeru imeneyi amaitenga pa phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu.

Kuyambira kale, ophunzira udokotala amaphunzira pa mitembo yosungidwa ndi mankhwala kuti isawole. Ndi mmene achitira ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe idatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Vuto n'lakuti matupi otere amasowa. Ndani mwa ife angalole kuti m'bale wake asakaikidwe kumudzi?

Masiku ano kwabwera njira ina yotchedwa virtual reality. Wophunzira amavala magalasi olumikizidwa ku kompyuta, ndipo amaona thupi la munthu ngati laima patsogolo pake. Amachotsa khungu, kenaka minofu, mpaka kufika pa mafupa onse 206. Akalakwitsa amangoyambiranso, palibe wovulala. Sukulu ya Case Western Reserve ku Cleveland, m'dziko la America, idayamba kuphunzitsa ndi magalasi a HoloLens mwa njira yofanana ndi imeneyi.

Tiyeni tiyerekeze kuti mwavala inuyo magalasiwo, mukuyang'ana m'chiuno mwa mayi. Kutsogolo muona chikhodzodzo, pakati chiberekero, kumbuyo njira ya chimbudzi, zonse zothithikana m'kamalo kochepa kozunguliridwa ndi mafupa. Matenda akayamba koma mwana osatuluka kwa tsiku lathunthu kapena kuposa, mutu wake umapanikiza chikhodzodzo pa fupa. Magazi safikapo, mnofu wa pamenepo umafa, n'kubooka. Imeneyi ndiyo fisitula, imene mayi amangodontha mkodzo. Si ufiti, komanso si chifukwa choti wina adayenda njira monga amanenera ena kumudzi. N'chifukwa chake anamwino amakakamira kuti oyembekezera azikadikirira kuchipatala, ndipo akaona kuti zavuta amawatumiza msanga ku chipatala chachikulu cha Chiradzulu kapena ku Nguludi. Fisitula imachizika ndi opaleshoni. Ngati m'mphakati mwanu muli mayi wodzibisa chifukwa cha fungo, m'perekezeni.

Komabe magalasiwa tisawatame mopyola. Ndi odula, amafuna magetsi, ndipo chithunzi sichimva kuwawa kapena manyazi. Dzanja la namwino limaphunzira pa munthu weniweni. Choncho mukakumana ndi ophunzira a ku St Joseph's College of Nursing ya ku Nguludi ali pa ntchito yoyeserera, dziwani kuti ayenera kuyamba akuuzani kuti ndi ophunzira ndi kupempha chilolezo chanu. Muli ndi ufulu wokana, kapena kupempha kuti wowayang'anira akhalepo. Mukavomera, afunseni kuti chimene akuchigwiracho n'chiyani ndipo chimagwira ntchito yanji, kuti Lachinayi mudzawafotokozere anzanu pa msonkhano.