Malangizo: kadyedwe ka hot dog ku Chicago

Amayi ena atilembera kuti mwezi wamawa akupita ku Chicago kukaona mdzukulu, ndipo ana awo alonjeza kukawagulira hot dog. Akufunsa kuti akadye bwanji kuti asakachite manyazi.

Amayi, choyamba musakapemphe ketchup. Eni mzindawo amangoona ngati mwawatukwana. Soseji yawo ndi ya ng'ombe, ndipo amaiika m'banzi yofewa yowaza timbewu ta poppy, yotenthetsa ndi nthunzi. Pamwamba amathira mustard wachikasu, anyezi woduladula, relish wobiriwira ngati penti, tomato, nkhaka yoviika mu viniga, titsabola ndi mchere wa celery. Kunena zoona, pamenepo mwadyeratu ndi ndiwo zamasamba zomwe.

Mukadzafika ku New York zimasintha. Ambiri amakonda kabichi wowawasa ndi mustard wabulauni, ndipo a Nathan's ku Coney Island akhala akugulitsa hot dog kuyambira 1916.

Tibwerere ku Chicago: mukalandira hot dog yanu, gwirani ndi manja awiri, muweramire kutsogolo pang'ono. Banzi ya nthunzi sichedwa kung'ambika, ndipo mustard akadonthera pachitenje chatsopano mudzavutika naye pochapa. Foloko musakapemphe n'komwe.