Phunziro la zaumoyo: Kodi makina ojambula m'thupi amawayesa bwanji?



Nyengo yogulitsa soya, nyemba kapena mbatatesi ikafika, mlimi wochenjera sangokhulupirira sikelo ya wogula. Amayamba waikapo paketi ya shuga imene akudziwa kuti ndi kilo imodzi. Sikelo ikanena kilo imodzi, malonda achitika. Ikanena zina, amasenza thumba lake n'kupita kwa wina. Lero tiphunzira kuti makina odula kwambiri a m'zipatala zikuluzikulu nawonso amayesedwa mwa nzeru yomweyi. Tionanso zimene mungachite ngati inu kapena m'bale wanu watumizidwa kutali kukajambulitsa chifukwa cha khansa.

1. Makina awiri ophatikizana

Ambirife timadziwa raio X. Ena munamvapo za TAC, imene anzathu a ku Malawi amaitchula kuti CT. Makina amenewa amaonetsa maonekedwe a ziwalo: kukula kwake ndi pamene zakhala. Wodwala woyamba anajambulidwa nawo ku London mu 1971.

Palinso makina ena otchedwa PET, amene amaonetsa mmene ziwalo zikugwirira ntchito. Wodwala amabayidwa mumtsempha mankhwala ochepa ofanana ndi shuga, otchedwa FDG, omwe amatulutsa cheza chosaoneka ndi maso. Zotupa zambiri za khansa zimadya shuga wochuluka kuposa mnofu wabwino, choncho zimawala pa chithunzi. M'bale wake wa PET ndi SPECT, imene nthawi zambiri imagwiritsa ntchito mankhwala a technetium poona mafupa, mtima ndi impso.

PET ili ngati munthu amene waona moto usiku koma sakudziwa kuti ikupsayo ndi nyumba ya yani. TAC ili ngati munthu wodziwa mudzi wonse koma moto sanauone. N'chifukwa chake akatswiri awiri, David Townsend ndi Ronald Nutt, anaphatikiza makinawa kukhala amodzi. Oyamba anayesedwa ku Pittsburgh, m'dziko la America, mu 1998, ndipo zipatala zinayamba kuwagula mu 2001. Mu 2010 kunabweranso ophatikiza PET ndi MRI. Makina otere amapezeka m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg ndi Cape Town, komanso ku India, kumene odwala ena a m'mayiko athu ano amapita.

2. Chithunzi chimabwera ndi nambala

Dokotala sangoyang'ana kuwala kokha. Kompyuta imapereka nambala yotchedwa SUV, yosonyeza kuchuluka kwa mankhwala amene chotupa chamwa. Wodwala amajambulidwa asanayambe chithandizo, n'kudzajambulidwanso atalandira mankhwala kwa kanthawi. Malangizo ena a madokotala, otchedwa PERCIST, omwe anatuluka mu 2009, amati nambalayi itsike ndi 30 peresenti kapena kuposa kuti anene kuti mankhwala akugwira.

Tsono taganizani: makina akamanama, dokotala akhoza kusiyitsa mankhwala amene akuthandiza, kapena kupitiriza mankhwala owawa m'thupi amene sakuthandiza. Banja lataya ndalama za ulendo, wodwala wataya nthawi yomwe sidzabwerera. Apa mpamene pagona kufunika koyesa makina.

3. Chidole choyesera

Munthu sangakhale paketi ya shuga ija, chifukwa palibe amene amadziwiratu zonse zili m'kati mwake. Ndiponso si bwino kumuwalitsa munthu ndi cheza pongofuna kuyesa makina. Choncho akatswiri amagwiritsa ntchito chidole chopangidwa ndi pulasitiki, chimene m'Chingelezi amati phantom, m'Chipwitikizi fantoma. Mawu a Chingeleziwa amatanthauzanso mzukwa, koma musaope, mulibe mzimu uliwonse. Ndi chigubu chabe chimene amathiramo madzi ndi mankhwala oyezedwa bwino, n'kuchigoneka pa bedi la makina ngati wodwala. Popeza yankho lake likudziwika kale, makina akalakwa amagwidwa pompo.

Nayi mitundu ina ya zidolezi.

Chigubu chamadzi osakanizidwa bwino. Mankhwala amafalikira mofanana m'chigubu chonse, ndipo makina abwino ayenera kupereka nambala 1 paliponse. Malangizo a akatswiri a ku Ulaya a mu 2015 amati kusiyana kusapitirire 10 peresenti.

Chidole cha NEMA. Ichi chimafanana ndi chifuwa cha munthu ndipo chimalowa madzi pafupifupi malita 10. M'kati mwake muli timipira 6 tosiyana kukula: mamilimita 10, 13, 17, 22, 28 ndi 37. Kakang'ono kwambiri kali ngati nzama, kakakulu kali ngati kandimu. Timipirati timaimira zotupa. Pakati pali chubu chodzaza ndi zinthu zopepuka, choimira mapapo. Timipira tonse amatithira mankhwala a mphamvu yofanana, koma chodabwitsa n'chakuti pa chithunzi kakang'ono kaja kamaoneka kozirala kuposa kakakulu. Ichi ndi chilema cha makina onse a mtunduwu: tinthu ting'onoting'ono amatiwerenga moperewera. Chidolechi chimauza dokotala kuti makina ake amaperewera motani, kuti asapeputse chotupa chaching'ono.

Chidole cha Jaszczak. Dzinali ndi la katswiri amene anachipanga, Ronald Jaszczak wa ku Duke University. M'kati mwake muli timitengo ta pulasitiki toimikidwa m'magulu, tina tonenepa tina toonda. Amachigwiritsa ntchito kwambiri pa SPECT pofuna kudziwa kuti makina angathe kusiyanitsa tinthu tochepa bwanji.

Mbali ya TAC nayonso imayesedwa. Madzi ayenera kupereka nambala 0 ndipo mpweya nambala 1000 ya pansi pa ziro. Izi n'zofunika chifukwa cheza chochokera m'kati mwa thupi chimachepa podutsa m'mafupa ndi mumnofu, ndipo kompyuta imadalira chithunzi cha TAC kuti ibwezeretse chimene chatayika m'njira. TAC ikalakwa, nambala ya PET nayonso yalakwa. Akatswiri amaonetsetsanso kuti zithunzi ziwirizi zikukhala chimodzi pamwamba pa chinzake ndendende, kuti chotupa cha m'munsi mwa mapapo chisaoneke ngati chili m'chiwindi.

Pa makina ophatikiza PET ndi MRI pali vuto lina. MRI siona pulasitiki wolimba wa chidole, ngakhale kuti pulasitikiyo amatchinga cheza. Choncho akatswiri amayenera kuiuza kompyuta mwapadera mmene chigubucho chilili, apo ayi nambala zimatuluka zotsika.

4. Wotchi ndi sikelo

Mankhwala a FDG sakhalitsa. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse, ndipo ya technetium imatsika ndi theka pa maola 6. Wotchi ya m'chipinda chobayira ikasiyana ndi wotchi ya makina ndi mphindi 10 zokha, nambala ya FDG imalakwika ndi 6 peresenti kapena chapompo. Kulemera kwa wodwala kumalowanso m'masamuwa. Ndiye mukuona kuti ngakhale sikelo wamba yoimapo ija ili ndi gawo lake.

5. Nanga kwathu kuno?

Nzeru ya zidolezi siili kutali nafe. Mu 2019 ku Hospital Central de Maputo kunatsegulidwa gawo lothandiza odwala khansa powotcha chotupa ndi cheza. Makina a mtundu umenewu, kulikonse kumene ali, amayesedwa ndi thanki la madzi, chifukwa madzi amamwa cheza mofanana ndi mnofu wa munthu. Bungwe la IAEA, lomwe likulu lake lili ku Vienna, lakhala likutumiza tizipangizo toyesera cheza ku zipatala za m'mayiko osiyanasiyana kuyambira mu 1969. Dziko lathu linalowa m'bungweli mu 2006.

6. Zimene inu mungachite

Akatswiri amasamala makina, koma mbali ina ili m'manja mwanu. Mukatumizidwa kukajambulitsa ndi PET:

• Tsatirani lamulo losala chakudya, kawirikawiri maola 4 mpaka 6. Madzi wamba mukhoza kumwa, koma osati tiyi wa shuga, thobwa kapena zakumwa zotsekemera. Ngati mwadya, nenani zoona.

• Dzulo lake musagwire ntchito yolemetsa kapena kupalasa njinga mtunda wautali, chifukwa minofu yotopa imamwa mankhwala aja.

• Nenani ngati muli ndi matenda a shuga, ngati ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa.

• Lolani kuti akuyezeni pa sikelo, musangotchula kulemera kwa chaka chatha.

• Mukabayidwa, khalani phee pafupifupi ola limodzi monga akuuzirani.

• Mukatuluka, imwani madzi ambiri ndipo kwa maola angapo musakhale pafupi kwambiri ndi makanda ndi amayi oyembekezera.

• Sungani guia, mapepala ndi zithunzi zonse pamalo ouma. Pojambulitsanso kachiwiri, funsani ngati n'kotheka kugwiritsa ntchito makina omwe aja.

• Mukauzidwa kuti dikirani makina akuyesedwa, musakwiye. Kudikirako n'kopindulira inu nomwe.

Kumbukiraninso kuti ulendo wonsewu umayambira ku chipatala chaching'ono cha kwanu. Mukaona chotupa chosapola, kutaya magazi mosadziwika bwino kapena kuonda popanda chifukwa, pitani msanga osadikira kuti zifike poipa.

Mafunso okambirana m'magulu a omvera

1. N'chifukwa chiyani makina sayesedwa pogwiritsa ntchito munthu?

2. Kodi timipira 6 ta m'chidole cha NEMA timaimira chiyani, ndipo kakang'ono kaja kamaphunzitsa chiyani dokotala?

3. Chingachitike n'chiyani wodwala akabisa kuti wamwa tiyi wa shuga asanajambulidwe?

Kambiranani mafunsowa ndipo mayankho anu muwabweretse ku wailesi kapena muwapereke kwa mtsogoleri wa gulu lanu. Amene amatha kuwerenga awerengere anzawo, makamaka agogo athu.