Foni Ndi Yanu, Koma Akuilamulira Ndani?

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli, mudziwa chifukwa chimene mafoni ena amakanira simukhadi. Mudziwanso zoyenera kufunsa musanagule foni.

Werengani

Mabanja ambiri ali ndi achibale ku Joni, ku Britain kapena ku America. Nthawi zina achibalewo amatumiza foni yamakono. Wolandirayo amaikamo simukhadi ya TNM kapena ya Airtel. Foni imayaka bwinobwino, koma kuimba osatheka. Pagalasi pamangobwera uthenga wofuna nambala yotsekulira netiweki. Foniyo sinawonongeke ayi. Inalokedwa ndi kampani imene inaigulitsa.

Kodi foni imalokedwa bwanji?

Mkati mwa simukhadi iliyonse muli manambala obisika. Manambalawa amasonyeza dziko komanso kampani imene inatulutsa simukhadiyo. Nambala ya dziko la Malawi ndi 650. Mukayatsa foni, imayamba yawerenga manambala amenewa.

Foni yosalokedwa imalandira kampani iliyonse. Koma foni yolokedwa inapatsidwa lamulo loti izimvera kampani imodzi yokha. Ikaona manambala achilendo, imakana. Lamulolo limakhala m'pulogalamu yoyendetsa foni, ndipo simungaliwone ndi maso. Woyenera kulichotsa ndi kampani yomwe inaliika. Zili ngati kugula nyumba, makiyi n'kutsala m'thumba mwa wogulitsa.

N'chifukwa chiyani makampani amachita zimenezi?

Foni yamakono ndi yodula. M'mayiko ngati America, anthu ambiri amaitenga ku kampani ya netiweki n'kumalipira pang'onopang'ono, mwina kwa miyezi 24 kapena 36. Kampaniyo imaopa kuti munthu angatenge foni n'kusamukira kwa ena asanamalize kulipira. Choncho imailoka.

Foni ya iPhone itatuluka koyamba mu 2007, ku America inkagwira pa netiweki ya AT&T yokha. Wogula ankasainira kuti akhala ndi kampaniyo zaka ziwiri. Kampani ya Verizon inayamba kugulitsa foniyi mu 2011. Zaka zonsezo, wofuna iPhone ku America analibe mwayi wosankha netiweki.

Kuno ku Africa njira yofanana ndi imeneyi iliponso. Mu 2020, kampani ya Safaricom ya ku Kenya inayamba kupereka mafoni oti munthu azilipira tsiku ndi tsiku. Zimenezi zinathandiza anthu osowa ndalama zambiri nthawi imodzi kuti apeze foni ya intaneti. Koma munthu akadumphitsa masiku angapo osalipira, kampani imatseka foniyo ili m'manja mwake momwemo.

Njira zina zolamulira foni

Kuloka si njira yokhayo. Makampani ena amaikiratu mapulogalamu awo m'foni asanaigulitse. Ena mwa mapulogalamuwa safufutika, ngakhale mwini foni asakuwafuna. Amadya malo, ndipo ena amamaliza bandulo ndi moto wa batire.

Palinso nkhani ya mapulogalamu atsopano okonza zolakwika. Opanga foni amawatumiza kuti foni itetezeke kwa akuba a pa intaneti. Pa mafoni ambiri ogulidwa ku kampani ya netiweki, kampaniyo imayamba yawayesa ndi kuwavomereza. Ikachedwa, mwini foni amangodikira.

Njira ina ndi nambala ya IMEI. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15. Mukhoza kuiona poimba *#06#. Foni ikabedwa, kapena ngongole yake ikapanda kubwezedwa, kampani itha kulemba nambalayi pamndandanda wa mafoni oletsedwa. Zikatero, manetiweki amene amatsatira mndandandawo amaikana foniyo, ngakhale mutasintha simukhadi. Njira imeneyi imathandiza kuchepetsa umbava, koma imapweteka munthu amene anagula foni yakale osadziwa mbiri yake.

Anthu sanakhale chete

Chakumayambiriro kwa 2013, malamulo a ku America analetsa munthu kutsekula foni yatsopano popanda chilolezo cha kampani. Anthu oposa 100,000 anasaina kalata yodandaula kuboma. Mu 2014, Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lololanso anthu kutsekula mafoni awo.

Ku Canada, kuyambira pa 1 Disembala 2017, mafoni atsopano amagulitsidwa osalokedwa, ndipo kutsekula foni yakale n'kwaulere. Ku Britain, bungwe loyang'anira makampani a mafoni la Ofcom linaletsa kugulitsa mafoni olokedwa kuyambira mu Disembala 2021. Kuno ku Malawi, bungwe limene limayang'anira makampani a mafoni ndi kumva madandaulo a anthu ndi MACRA.

Zoyenera kuchita

1. Musanapereke ndalama, ikani simukhadi yanu m'foniyo ndipo yesani kuimba. Ngati n'kotheka, yesani masimukhadi a makampani awiri.
2. M'bale wanu akafuna kukutumizirani foni, muuzeni ayambe waitsekulitsa kukampani komweko. Iyeyo ndi amene kampani ikumudziwa.
3. Imbani *#06# ndipo yerekezani nambalayo ndi imene ili pabokosi kapena pa lisiti. Ilembeni ndi kuisunga pabwino.
4. Ngati mukutenga foni pangongole, funsani ndalama zonse zimene mudzakhale mutalipira pomaliza. Funsaninso chomwe chingachitike mutadumphitsa tsiku.
5. Samalani ndi kuflashitsa foni mwachisawawa. Zithunzi ndi manambala anu zitha kufufutika, ndipo foni ina imatheratu.

Mafunso

1. Kodi foni imadziwa bwanji kuti simukhadi ndi ya kampani ina?
2. Tchulani njira ziwiri zimene kampani imalamulira foni ya munthu.
3. Kodi nambala ya IMEI ili ndi ubwino wanji? Nanga vuto lake n'lotani?

Kambiranani m'magulu

Kodi munthu amene wamaliza kulipira foni ayenera kupemphanso chilolezo kuti asinthe netiweki? Nanga amene akadali ndi ngongole?

Kumbukirani

Foni imakhala yanu kwathunthu pamene mungathe kusankha nokha netiweki yoti muzigwiritsa ntchito. Musachite manyazi kufunsa wogulitsa mafunso onsewa, pakuti safunsa anadya phula.