NKHANDWE YOSAOPA ANTHU NDI NGOZI KWA GALU WA PANYUMBA

Mabanja ambiri a m'makomboni a Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika ali ndi minda kapena abale ku Kasenengwa, dera limene linakhala boma paokha mu 2018. Popita kumunda galu atsatira mbuye wace. M'cilimwe, thengo likapsa, anyamata amtenga kukasaka akalulu. Ena abweretsa tiana ta agalu kucokera kumudzi kuti tidzalonde nyumba m'tauni. M'maulendo otere galu akumana ndi nyama za m'thengo, ndipo zina mwa izo ziri ndi ciwewe.

CIWEWE CIYENDA BWANJI?

Ciwewe ndi nthenda ya kacirombo kamene kakhala m'malobvu a nyama yodwala. Nyamayo ikaluma, kacirombo kalowa pa bala ndi kuyenda pang'ono pang'ono m'mitsempha kufikira ku bongo. Kuno ku Africa nthendayi ifala kwambiri pakati pa agalu okha okha, koma nkhandwe, afisi ndi alikongwe aitenganso. Galu wopenga aluma nkhandwe, nkhandweyo nidzaluma galu wina pambuyo pace. Motero nthenda izungulira pakati pa mudzi ndi thengo.

Nyama ya m'thengo yabwino bwino ithawa munthu. Nkhandwe yoyenda masana pakati pa mudzi, yodzandira, yotuluka dobvu, kapena yongoima osaopa agalu, ndi yodwala. Ena akaona zotere ati ndiwo zabwera zokha, nasaizira agalu. Kutero ndi kuitanira imfa pakhomo, pakuti galu angaphe nkhandweyo koma iye atalumidwa kale.

ZIZINDIKIRO PA GALU

Galu wolumidwa sadwala tsiku lomwelo. Kawiri kawiri papita masabata awiri kufikira miyezi itatu, ndipo nthawi zina kupitirira apo. Bala lipola, mwini nkuiwala. Nthenda ikayamba ioneka m'njira ziwiri.

1. Ciwewe caukali. Galu asintha khalidwe, aluma ciriconse ngakhale mitengo ndi miyala, mau ace asasa, acoka panyumba ndi kuyenda mtunda wautali.

2. Ciwewe cofooketsa. Galu akhala duu pa ngodya, cibwano cigwa, malobvu angotuluka, alephera kumeza. Ambiri aganiza kuti watsamwa pfupa, napisa dzanja m'kamwa mwace kuti alicotse. Ici ndi coopsya kwambiri ndipo sicifunika kucita konse.

Zizindikiro zikaoneka palibe mankhwala. Galu afa asanathe masiku 10, ndipo malobvu ace angakhale ndi kacirombo masiku ocepa asanayambe kuoneka wodwala.

GALU AKAMENYANA NDI NYAMA YA M'THENGO

1. Mwini asamgwire ndi manja cabe, cifukwa malobvu a nyama ija ali pa ubweya wace. Abvale mapulasitiki m'manja, natsuke mabala ndi sopo ndi madzi ambiri.

2. Galuyo amangidwe payekha, kutali ndi ana, nkhuku, mbuzi ndi agalu ena.

3. A ofesi ya zoweta, a vetenale, auzidwe tsiku lomwelo. Galu amene analandira kale katemera ambayanso nyeleti ina ndi kumuyang'anira. Wosalandira katemera angatsekeredwe miyezi yofika 6 kapena kuphedwa, monga adzaweruzire a vetenale.

4. Nyama yakufayo isasendedwe, isadyedwe, ndipo isapatsidwe agalu. A vetenale atenga mutu wace kuti bongo ukapimidwe. Malo akulu opimirako nthenda za zoweta ndi Central Veterinary Research Institute pafupi ndi Lusaka.

MUNTHU AKALUMIDWA

Bungwe la World Health Organization liti ciwewe cipha anthu pafupi fupi 59,000 caka ciriconse, makamaka mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 odwala nthendayi, ofika 99 aitenga kwa galu, ndipo ambiri mwa olumidwa ndi ana osafika zaka 15. Ana ndiwo asewera ndi agalu, ndipo akalumidwa pang'ono abisa poopa kukalipiridwa. Makolo awaphunzitse kuulula ngakhale galu wangowakanda.

Bala litsukidwe msanga ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15. Pambuyo pace wolumidwa apite ku kiliniki ya pafupi kapena ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo, namalize nyeleti zonse zimene a cipatala anena. Kuocha ubweya wa galu ndi kupaka phulusa lace pa bala sikupha kacirombo. Galu woluma, ngati aoneka wabwino, amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, koma munthu asayembekeze masikuwo kuti ayambe mankhwala. Katemera wopulumutsa olumidwa si wacilendo. Louis Pasteur wa ku France anamgwiritsa nchito koyamba pa munthu mu 1885.

NYAMA YODZIFERA

Ngozi yina iri pa mitembo ya nyama. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa ndi nthenda ya anthrax mu mtsinje wa Luangwa ku boma la Chama, ndipo anthu mazana amene anasenda kapena kudya nyamayo anadwala, ena namwalira. Galu wodya nyama yotere angatupe pakhosi ndi kufa, ndipo mafupa amene akokera pakhomo aika ana pa ngozi. Nyama yosadziwika cimene caipha si cakudya ca galu.

KUCHINJIRIZA

Lamulo la Zambia loyang'anira agalu, Control of Dogs Act, lifuna kuti agalu azilandira katemera wa ciwewe. Kamwana ka galu kabayidwe kakafika miyezi itatu, ndipo galu abwezedwenso pa nthawi imene a vetenale alemba pa cikalata cace. Cikalataco cisungidwe bwino, pakuti cifunika galu akaluma munthu. Wotenga galu kumudzi apite naye kwa a vetenale asanamlole kusewera ndi ana. Usiku galu akhale mu mpanda, ndipo adye mokwanira kuti asapite kukafuna-funa m'thengo.

Akatswiri apeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akalandira katemera, ciwewe cileka kufala. Ndiye cifukwa cace nkhaniyi si ya nyumba imodzi. Mwini galu amene wabayitsa wace akumbutse mnansi wace, ndiponso abale a ku Kasenengwa kumene agalu ndi nkhandwe amwera pa dambo limodzi. Pa 28 September caka ndi caka dziko lonse la pansi likumbukira tsiku lolimbana ndi ciwewe, koma galu wosabayidwa asayembekeze tsiku limenelo. Ofesi ya vetenale ifunsidwe sabata lino.